Kansanza Kofiira ka pa Mfuti ya Agogo

Fungo la mafuta a nsatsi likandipeza, ngakhale lero pamene mano anandithera m'kamwa, ndimaona agogo anga aamuna, a Mbewe, atakhala pa chikopa cha mbuzi kuseri kwa balani yofukizira fodya, mfuti ili pamiyendo, akuipukuta pang'onopang'ono ngati mayi akudzoza khanda. Utsi wa nkhuni zaziwisi unkatuluka m'balanimo n'kumakwawa pansi, nkhunda zikulira padenga, misi ikugunda m'mitondo kuseri kwa nyumba, ndipo pamwamba pa zonsezi pankamveka kafungo koswa mphuno ka onga, kamene kanakhazikika m'malaya mwawo, m'ndevu mwawo, ngakhale m'chimanga chokazinga chimene ankatigawira ndi manja awo.

Mudzi wathu unali chakumadzulo kwa Nsaru, m'mphepete mwa dambo. Zimene ndikunenazi zinachitika m'zaka za nkhondo yaikulu ija, anyamata ambiri atatengedwa usilikali, nsalu zitasowa m'masitolo moti chigamba chinkasokedwa pamwamba pa chigamba chinzake. Ine ndinali ndi zaka ngati zisanu ndi zitatu. Dzina langa la ubatizo ndi Terezia, koma agogo ankanditcha "mkazi wanga", monga amachitira agogo ndi adzukulu awo.

Mfutiyo inali gogodela, yothira onga kukamwa n'kutsindira ndi kandodo kachitsulo. Zipolopolo zake zinali misomali yodula ndi miyendo ya miphika yachitsulo yosweka. Agogo anailandira kwa malume awo, ndipo kalata yake ya boma ankaisunga m'kansungwi kosomeka kudenga. M'midzi yonse yotizungulira mfuti inali yomweyi. Amati mkamwini asamakule mwendo, koma agogo, ngakhale anali mkamwini m'mudzi wa akazi awo, mwendo wawo unali wautali ndithu, ndipo chinautalikitsa ndi chitsulo chimenechi. Agogo aakazi ankainyodola. "Mkazi mnzanga uyo," ankatero akuloza kukhoma. "Iye amadzozedwa mafuta tsiku ndi tsiku, ine ndangotuwa ngati nkhwali."

Mudzi unali wogawikana pa nkhani ya mfutiyi. Aphunzitsi a Yohane, amene ankatiphunzitsa katekisimu, ankati ikaperekedwe ku boma, chifukwa mfuti m'mudzi ndi njoka ya m'denga, tsiku lina idzagwera pamphasa. Ambiri ankawatsutsa, ndipo wotsutsa kwambiri anali a Naphiri, mayi wamasiye woyandikana nafe nyumba, wamfupi, wa mawu akulu, amene ankayambitsa nyimbo m'tchalitchi. Munda wawo unali kumapeto, pafupi ndi thengo, kumene nguluwe zinkayambira. Ndimakumbukira Lamulungu lina titatuluka m'mapemphero, iwo ataima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Aphunzitsi, inu mumalankhula chifukwa munda wanu uli pakati pa minda ya anzanu. Kodi nguluwe zikalowa m'chimanga changa ndiziwerengere katekisimu?"

Anthu anaseka mpaka ena kugwira m'mimba. Aphunzitsi anangoti, "Mayi, ine sindidana ndi chimanga chanu. Ndikuopa tsiku limodzi lokha." Agogo anamva zonsezi akumwetulira m'ndevu. Ndinene zoona, munthu uja ankakonda kutamandidwa. Ankakonda kuthira onga anthu akuonerera, n'kunena mawu awo a masiku onse akuti, "Futukani, mfuti sidziwa mbale."

Gogodela ukaithira onga ndi zitsulo, kuzitulutsa n'kovuta. Njira yapafupi ndi kuiwomba, koma onga unali wosowa, sunkawombedwa chabe. Choncho agogo anali ndi pangano ndi mphwawo, a Lukiyo, mwana wa mlongo wawo wa kutsidya kwa dambo, amene ankabwereka mfutiyo ndipo ndiye anali wodzailowa. Ikapachikidwa ili ndi katundu m'mimba, ankamanga kansanza kofiira pampope wake. Popanda kansanza, ndiye kuti ilibe kanthu. Pangano limeneli ankalidziwa awiriwo basi, chifukwa agogo ankati za mfuti si za akazi ndi ana. Ine ndinkangoona kansalu kokongola kamene nthawi zina kalipo, nthawi zina palibe.

Chaka chimenecho, chimanga chitayamba kukhwima, anamwalira mlongo wawo wa agogo aakazi, mwini mbumba yathu. Mwambo unali wakuti munthu wamkulu akamatulutsidwa m'nyumba kupita kumanda, mfuti ilire, onga wokha wopanda chipolopolo, kuti midzi imve kuti amene wagona sanali munthu wamba. Mfuti inali kwa a Lukiyo, amene anali ataithira zitsulo kudikira nguluwe zimene sizinabwere. M'mawa wa tsiku loika maliro anabwera nayo, anapeza m'nyumba mulibe munthu, onse ali kusiwa. Anamanga kansanza monga mwa pangano, anaipachika pamalo pake, n'kuthamangira kumanda kukathandiza okumba.

Kenako ndinalowa ine, nditatumidwa lichero.

Ndinali ndi mwana wanga wa chitsononkho, wa tsitsi la ndevu za chimanga, amene anali asanavalepo nsalu chibadwire. Ana a anzanga onse ankavala masamba. Kansanza kaja kankalendewera pamenepo, kofiira ngati phwetekere. Anandiletsa kugwira mfuti, inde, koma ndinadziuza kuti sindigwira mfuti, ndigwira nsalu. Ndinakwera pa mtondo wakale umene tinkakhalira, ndinamasula mfundo ija ndi zikhadabo, inali yolimba moti ndinathandizira ndi mano. Potuluka ndinakumana ndi a Naphiri atasenza mtsuko wa madzi a kumaliro. Anaima, anayang'ana chidole changa.

"Iii, Terezia, mwana wako wavala bwino lero kuposa ife tonse. Umusamale."

Amenewo ndiwo mawu otsiriza amene anandilankhula.

Dzuwa litafika pamutu agogo anakatenga mfuti. Anaima pabwalo, patsogolo pa khamu, anathira onga, anaikapo chiguduli, anayamba kutsindira. Ndinali pafupi, ndipo ndinawaona akuima pang'ono, akuyang'ana kandodo kaja, kenako akuyang'ana anthu amene maso awo onse anali pa iwo. Anapitiriza. Mtembo unatuluka, amayi anakweza maliro, a Naphiri anayambitsa nyimbo. Agogo analoza kumwamba.

Kulira kwa mfuti ija tinkakudziwa tonse, koma kumeneku sikunali kulira kwake. Kunali ngati thambo lang'ambika pakati pa mudzi. Makutu anga anatseka. Ndinaona pakamwa pa anthu pali yasa koma mawu osamveka, nkhuku zikuuluka, utsi woyera utaphimba pamene panali agogo. Utsi utapungulika, anali chiimire, chigwiriro cha mtengo chili m'dzanja lamanja, mpope utang'ambika ngati nzimbe yotafuna. Dzanja lamanzere analikweza patsogolo pa nkhope yawo, akuliyang'ana ngati la munthu wina. Zala zitatu panalibe.

Tonse tinathamangira maso kwa iwo, n'chifukwa chake tinachedwa kuona kuti nyimbo yaima. A Naphiri anali atatsamira paphewa la mayi wina, ngati munthu amene wagwidwa tulo. Mayiyo anawagwedeza, akuyesa akomoka ndi mantha. Atachotsa dzanja lake kukhosi kwawo, linali lofiira mpaka m'chigongono. Kachitsulo kosaposa chala chaching'ono kanali katalowa pansi pa khutu. Sanalankhule, sanabuule n'komwe. Munthu amene m'mawa anasenza madzi, amene nyimbo yake inali idakali m'makutu mwathu, anapita tikuona, masana dzuwa likuswa mtengo. Okumba manda anauzidwa kuti asabweze makasu.

A Lukiyo anafika akuthamanga, dothi la kumanda lili m'miyendo. Atamva zimene zachitika anagwira kumutu. "Munali zitsulo m'menemo. Ndinamangatu kansanza kofiira, ndinamanga ndi manja angawa." Anthu sanamve chimene ankatanthauza. Ine ndinamva. Ndinazemba n'kukabisa chidole chija pansi pa nkhokwe.

Agogo anawanyamula pa machira kupita kuchipatala cha ku mishoni. Masiku amene anali kumeneko mudzi unatembenuka ngati chikondamoyo m'chiwaya. Omwe aja ankaseka aphunzitsi ndiwo tsopano ankati, "Ife tinkanena kale." Amene ankalandira nyama ya nguluwe ndi manja awiri ankalavula akamadutsa pakhomo pathu. Koma mkwiyo waukulu unagwera a Lukiyo. Abale a a Naphiri ankati za kansanzazo n'zopeka, munthuyo anapachika mfuti yodzaza osauza aliyense, amangidwe apite ku boma. Ena ankanong'ona kuti anachitira dala, ankafuna malume ake afe kuti alowe mfuti msanga. Ine chakudya ndinkangochisiya m'mbale. Amayi ankati ndi mantha a zimene ndinaona.

Agogo anabwerako ataonda, dzanja litakulungidwa nsalu zoyera. Tsiku lomwelo kunamveka kuti mawa lake kubwera amesenjala a boma, ndipo mlandu ukambidwa pabwalo. M'mawa ndinapeza agogo ali okha pakhonde. Sindikudziwa chimene chinandiyendetsa. Ndinakatenga chidole chija, ndinachiika pamphasa pawo, ndinagwada.

Anachiyang'ana nthawi yaitali. Ndinadikira ndodo, ndipo ndikanailandira mokondwa.

"Wauza yani, mkazi wanga?"

"Palibe, agogo."

"Kodi ine ndinakuuzapo ntchito ya kansanzaka?"

"Iyayi."

"Eya. Sindinakuuze." Anapumira m'mwamba. "Masula undipatse. Mwanayo umuveke masamba ngati anzake."

Pabwalo panadzaza. A Lukiyo anakhala pakati, mutu uli pansi, amesenjala awiri ataima kumbuyo kwawo. Agogo anapempha kulankhula, anaimirira movutika, n'kukweza kansanza kaja kuti aliyense aone.

"Mphwangayu sananame. Anamanga, kansanza kake ndi aka. Kuchoka kwake musavutike nako, nsanza imachoka, ngakhale khoswe amakoka. Koma kandodo sikanama. Potsindira paja kanatsala kunja zala zinayi, ndipo ine ndinaona. Mtima unandiuza kuti m'menemo muli kanthu. Koma inu nonse munkandiyang'ana, mtembo unali pakhomo, ndinachita manyazi kuti anthu anena kuti a Mbewe akalamba, sadziwanso mfuti yawo. A Naphiri anawapha manyazi anga."

Mlongo wa a Naphiri, amene anabwera ndi chingwe chomangira a Lukiyo, anachiika pansi.

"China ndi ichi," anapitiriza agogo. "Dzana munkati mfuti ndi mayi wathu, lero mukuti ndi mfiti. Chimanga chikadzadyedwa mudzatembenukanso, ndikukudziwani. Ine ndaphunzira mochedwa. Chinthu chimene moyo wa anthu ukudalira kansanza sichoyenera kupachikidwa m'nyumba mmene mumalowa ana."

Ponena mawu otsirizawo sanandiyang'ane. Amesenjala anatenga zidutswa za mfuti, kansungwi ka kalata kaja, ndi agogo. Ndinawaona akulowa njira ya ku boma wapansi, dzanja loyera lija likuoneka patali mpaka anakhota pa mitengo ya msuku.

Agogo anabwerako ku ndende mvula ina itadutsa. Zimene ananena zinachitikadi. Nguluwe zinali zitalowa mpaka m'minda ya pakati, wa aphunzitsi a Yohane osausiya, ndipo amuna ena anabwera kudzawapempha kuti awatsogolere kopempha kalata ya mfuti ina. Ngakhale aphunzitsi omwe, tsiku limenelo sanatsutse, anangoyang'ana pansi. Agogo sanakangane ndi amunawo. Anakweza dzanja lija la zala ziwiri, kenako analoza kumene kunali nyumba ya a Naphiri, imene inali itagwa denga. Mawa lake anatenga khasu n'kuyamba kukumba mbuna za nguluwe m'malire a minda, ndi dzanja limodzi ndi theka. Ena anawathandiza, ena ankawanena kuti ndende inawaphwanya mtima. Mpaka ine kukwatiwa, mudzi unali usanagwirizane.

Ndi zala ziwiri munthu amalima, amadya, amagwira ndodo, koma samanga mfundo. Kuyambira pamenepo mfundo zonse za agogo ndinkamanga ndine: luzi la pa mitolo ya fodya, chingwe cha mbuzi, mkuzi wa kabudula wawo. Sanaitanepo mdzukulu wina pa ntchito imeneyi, ndipo za tsiku lija sanazitchulenso mpaka kumwalira kwawo. Ankangoti, "Bwera, mkazi wanga, undibwereke zala."

Amayi ndinawauza zoona agogo ataikidwa kale. Anakhala pansi pomwepo, pakati pa bwalo, mpaka dzuwa kupendeka.

Masiku ano ndimamva anthu akutsutsana, ena akuti munthu azisunga mfuti chifukwa cha akuba, ena akuti ayi. Onse amalankhula zomveka, monga ankalankhulira a Naphiri ndi aphunzitsi pakhomo la tchalitchi. Ine sindiwaweruza. Koma m'nyumba mwanga mulibe chinthu choopsa chimene mwana sanauzidwe dzina lake ndi ntchito yake, kaya ndi mankhwala a mbewu, kaya ndi chikwanje. Adzukulu amandiseka kuti ndikamanga thumba ndimabwereza mfundo kawiri, mpaka iwo kumasula ndi mpeni. Ndimawasiya aseke. Nyimbo ija a Naphiri anayambitsa imaimbidwabe m'tchalitchi mwathu, ndipo ine ndimaimba nawo mpaka pa mzere umene iwo analekezera. Kupitirira pamenepo sindinaimbepo.