Oyimbira Jombo

Akulu oyandikana nafe kuno ku Texas, oyimba vayolini, poyimba sayang'ana anthu kumaso. Amayang'ana jombo za ovina. Amati nyimbo zawo zovinira za western swing zimachokera pansi.

Tsiku lina kunabwera mnyamata wojambula kanema wa mbiri ya nyimbozi, poti pagulu lawo lakale loyimba akuluwo atsala okha. Anawakhazika pampando, nyumba ili zii. Vayolini analira ngati mphaka wopanidwa pachitseko.

"Zala zakalamba, bambo," anatero mnyamatayo, akufuna kutsanzika.

Akuluwo anati, "Zala zili bwino, yafa ndi miyendo yakoyo. Mayi, tam'gwireni ameneyu."

Akazi awo anam'mbwandira m'chiuno, kamera ikadali m'manja, gule nayambika. Vayolini anatsitsimuka.

Kanemayo anatuluka. Nyimbo ikukoma ngati kale, koma chooneka ndi denga lokhalokha, likuzungulira.