Zikho za mkazi wanga

Ndinafika ku Mwape ndili mphunzitsi wongotuluka kumene ku maphunzilo, m'zaka za Chitaganya. Sukulu yake inali ya zipinda ziwili, yofolela ndi udzu. Chaka chachiwili ndinakwatila mwana wa pamudzi pomwepo, ndipo tinamanga kanyumba kuseli kwa nyumba ya apongozi anga.

Mkazi wanga anali wodziwika ndi zikho. Akazi ochokela kutali ankabwela kudzapempha zikho zake zotungila madzi, chifukwa zogwilila zake zinali zazitali, zokhota bwino kumapeto moti unkatha kuzikoleka pa mtsuko osagwa. Ine ndinkaganiza kuti ndi mbewu yake yotelo. Mvula itagwa ndiye ndinaona kuti amazikhotetsa yekha. Ankayalitsa mphonda pa thandala kuti zipatso zilendewele, khosi lizitalika ndi kulemela kwake. Zina ankazimanga luzi m'chiuno zikadali ngati dzila la nkhuku, ndipo mnofu ukasowa potupila pamenepo unkakatupila kumwamba ndi kumunsi.

Ku maphunzilo, mzungu wina anatipenyetsa khungu la anyezi pa galasi lokulitsa zinthu. Ndinaona tizipinda tating'ono tondandalika ngati njelwa. Anati kachipinda kalikonse kamamwa madzi mpaka kukankha makoma ake, ndipo mbewu imakula ndi kukankha kumeneko. Khoma likalimba mbali ina, kachipinda kamatalikila kumene kuli kofewa. Tsiku lina ndinamufotokozela mkazi wanga zonsezi ndi mawu a m'kalasi, ndikujambula pansi ndi kamtengo. Anamvetsela mpaka ndinamaliza, kenaka anandifunsa ngati mzunguyo anakhotetsapo chikho ngakhale chimodzi.

Funso limenelo linandiwawa. M'mawa mwake, mame asanaume, ndinapita ku thandala iye ali ku chitsime. Ndinasankha chipatso chokongola, chakhosi lalitali, ndi kuyamba kupinda pang'onopang'ono monga ndinkamuonela. Chinangoti thyo m'manja mwanga, madzi chuu. Ndinayesa chachiwili, chimodzimodzi. Pamene ankabwela ndi mtsuko pamutu anandipeza ndili ndi zidutswa m'manja.

Sanakalipe. Anatula mtsuko, natenga chidutswa chimodzi ndi kuchiyang'ana.

"Aphunzitsi," anatelo, chifukwa ndi mmene ankandiitanila akafuna kundiseka, "m'mawa chimakhala chitakhuta madzi a usiku, sichimva. Dikilani dzuwa lifike pamutu, masamba agwetse makutu. Pamenepo chimalola."

Masana a tsiku limenelo anandigwila dzanja ndi kuliika pa khosi la chipatso china. Linali lofunda, lofewa ngati mkono wa khanda. Tinapinda pamodzi pang'ono chabe, iye namanga luzi, nati mailo tidzaonjezelenso. Ndinaima pamenepo ndikuzindikila kuti zimene ndinaona pa galasi ndi zimene zala zake zinkadziwa ndi chinthu chimodzi, koma ine ndinkangodziwa kuzinena. Kuyambila apo ana akaweluka ndinkathamangila ku thandala. Tinkaima awili pa dzuwa, thukuta kamukamu, kupinda ndi kumasula luzi pamene layamba kudya khungu. Iye ankang'ung'udza nyimbo za kutchalitchi m'Chinsenga, zimene ine wa kum'mawa ndinali ndisanazigwile bwino.

Zipatso zisanakhwime kunabwela kalata yondisamutsila ku Kaumbwe. Masiku amenewo aphunzitsi ankatisuntha kawilikawili, makamaka amene ankamveka kuti amalankhula za Chitaganya pa misonkhano, ndipo ine pakamwa panga sipankatsekeka. Apongozi anali kudwala miyendo, mapila anali m'munda, choncho mkazi wanga sakanatha kunyamuka nane. Anandipelekeza mpaka pa msewu waukulu ku Nyimba, ulendo wa miyendo, ndipo lole itabwela anangondiuza kuti ndisamadye nyemba zosapsa.

Ku Kaumbwe ndinakhala ndekha miyezi isanu. Kuseli kwa nyumba ya aphunzitsi kunali dzungu lomela lokha, ndipo masana ndinkapezeka nditaima pamenepo kuyang'ana masamba akufota. Ndinkadziwa kuti nthawi yomweyo iye ali pa thandala, akupinda yekha, opanda womugwilila luzi. Kalata sindikanalemba chifukwa sankawelenga, ndipo zimene ndinkafuna kunena sizinali zoti amuwelengele munthu wina. Ana a sukulu chaka chimenecho anaphunzila za mbewu kuposa zimene buku linkafuna. Ndinkawatulutsa panja m'mawa kuti akhudze mapesi, ndi kuwatulutsanso masana.

Mkazi wanga anabwela m'chilimwe, apongozi atayamba kuyenda. Ndinamuona ali patali m'njila ya ku sukulu, mtolo wa zikho ukugogoda kumsana. Anali ataonda, komanso anali ndi pakati poonekela, zimene palibe anandiuza. Ndinasiya choko pa tebulo ndi kutuluka ana akuyang'ana.

Tinakhala pamodzi zaka zambili pambuyo pake, m'masukulu osiyanasiyana, ndipo kulikonse ankayamba ndi kuimika thandala tisanakonze ngakhale chitseko. Iye anamwalila pamene ana athu anali atakula kale. Mwana wathu wamkazi amatungila madzi kapu ya pulasitiki, ndipo sindimudzudzula. Ine manja amanjenjemela ndi ukalamba, sindingamangenso luzi. Chimene ndimalakalaka si zikho kwenikweni. Ndi kuima naye pa dzuwa lija la ku Mwape, tonse tili achinyamata, iye akundiuza kuti ndachita changu, ndibwezeko pang'ono.