Nyundo ya a Zuze

Ngwee. Ngwee. Ndi mmene nyundo ya a Zuze inkalirira pa njanji m'mawa uliwonse. Kuno ku South Bend, kutsidya kwa nyanja, sitima za katundu zimadutsa kuseri kwa nyumba yanga, koma sindizicheukira. Chimene chimandiimitsa ndi munthu akamenya chitsulo kamodzi n'kudikira.

Mwana wanga amene amagwira ntchito ku Indianapolis anandifunsa m'Chingerezi kuti ndinachoka bwanji ku Mozambiki. Ndikumuyankha m'Chichewa. Amamva.

Mudzi wathu unali m'mbali mwa njanji, pafupi ndi mtsinje. Kale panali ulalo wa mitengo umene madzi ankaukokolola chaka ndi chaka. Apwitikizi atabweretsa njanji anamanga mlatho wachitsulo. Agogo anga aamuna anasenza nawo zitsulozo pa ntchito yokakamiza. Mlathowo unali wa sitima, koma tonse tinkawolokerapo. Tinkaponda mitanda yamatabwa imene njanji imagonapo, madzi akuoneka pansi m'mipata.

Makolo anga sindinawadziwe. Anandilera agogo aakazi, a Nachisale. Maso awo anali ndi ng'ala. Ankangosiyanitsa kuwala ndi mdima.

A Zuze anali woyendera njanji. Ankamenya msomali wa pa mtanda uliwonse n'kumvetsera. Wolimba unkati ngwee. Wokhwepa unkati phwa. Nkhondo itafika sitima zinasiya kubwera, koma iwo sanasiye. Anthu ankawaseka.

Tsiku limene tinathawa ndinkasenda chinangwa pakhonde. Nyundo inalira mosalekeza, mmene sinalirirepo. Agogo anaika lichero pansi. Kenako tinamva mfuti cha kusiteshoni.

Tinatenga bulangete ndi poto. Mpeni ndinausiya uli m'chinangwa. Mumsewu munali mabomba okwirira. Njira ya ku Malawi inatsala imodzi, ya pamlatho.

Mlathowo anthu a mfuti anali atautentha mwezi umodzi m'mbuyomo. Mitanda ina inali makala, ina kunalibe. Amaso ankadumpha, ena ankakwawa pa chitsulo. Agogo anapapasa mtanda woyamba, nanunkhiza zala zawo, nakhala pansi pa miyala.

“Pita, Tomasi. Ine ndawoloka mokwanira.”

Ndinamanga nsonga ya chitenje chawo kudzanja langa, ndipo nanenso ndinakhala pansi. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri.

A Zuze anatipeza pamenepo, anthu onse atadutsa. Anayang'ana mfundo ya padzanja langa.

“Mayi, maso mulibe, koma makutu muli nawo. Ikati ngwee, pondani pomwepo. Ikati phwa, dikirani.”

Iwo anatsogola chafutambuyo, atawerama. Agogo pakati. Ine kumbuyo, nditagwira m'chiuno mwawo. Ngwee. Phazi. Ngwee. Phazi. Phwa. Tinaima. A Zuze anamenya wotsatira, nagwira mwendo wa agogo n'kuufikitsa pomwepo.

Pakati pa mtsinje panasowa mitanda iwiri. A Zuze anagona chafufumimba pa njanji, natambasula dzanja kuti tigwire powoloka mpatawo. Poto inandipulumuka. Sindinaimve ikufika m'madzi. Kumbuyo kwathu madenga ankayaka, ndipo phulusa linkagwera pa mpango wa agogo. Iwo sanatembenuke. Mutu anali ataupendeketsa, khutu lili kunyundo.

Nditaponda dothi ndinafuna kumasula mfundo. Inakana. Ndinaisiya.

Tinatsata njanji mpaka dzuwa litapendeka, osaponda m'mbali. Pamalire panali anthu ambiri pansi pa mitengo. Mayi wina wa ku Malawi anatipatsa madzi m'chikho. Agogo anamwa, nafunsa ngati tafikadi.

Agogo anakhala ndi moyo zaka zina zisanu ndi zinayi. Ali m'manda ku Nsanje, ndipo ine ndinakula ngati Mmalawi. Ndimamva kuti mlatho anaukonza, sitima zikudutsanso. Za a Zuze palibe amene anandiuzapo kanthu.

Madzulo a tsiku limene tinafika pamalire, a Zuze anazungulira mitengo yonse kawiri. Ankafuna akazi awo, amene ankaganiza kuti anatsogola ndi gulu loyamba. Panalibe. Anabwera pamene tinakhala, nanjuta patsogolo panga.

“Mlatho ndauloweza tsopano. Iyi ingondilemera. Undisungire, iwe.”

Anandipatsa nyundo. Mpini wake unali wofundabe. Anakwera pa njanji n'kubwerera kumene tinachokera.