Fomu ya a Mesenjala

Ndinafika pa Mzimba Boma ndi sutikesi imodzi ndi dikishonale yonenepa imene ndinachoka nayo ku sekondale. Kwathu ndi ku Dedza. Ndinalembedwa ukalaliki pa kaofesi ka bungwe lina lothandiza alimi, limene likulu lake linali ku Lilongwe. Chitumbuka sindinkachimva, ndipo kunena mosabisa sindinkachifuna. Ndinkadalira Chingerezi changa. Anzanga ankati ine ndikayetsemula pamagwa galamala, ine n'kumamwetulira, osadziwa kuti akundijeda pamaso.

Pa ofesipo panali a mesenjala, bambo wachikulire wa cha ku Embangweni, wamtali, wa imvi zam'mbali, woyenda pa njinga yakuda ya bungwe. Tonse tinkawaitana kuti adada. Chichewa chawo chinkatuluka ndi Chitumbuka m'mphepete: "Yewo chomene, bwana, mbwenu ndapita." Kwa ife ndiye kuti zikomo kwambiri, basi ndapita. Kalata yowalembera ntchito inkatchula zinthu ziwiri basi, kusesa ndi kupereka makalata.

Koma alimi akabwera kuchokera ku Manyamula, ku Mabiri kapena ku Jenda sankafikira kwa ine. Ankakhala pakhonde, adada n'kukhala nawo, n'kupatsana moni wautali uja wofunsa za ana, za ng'ombe ndi za amene ali ku Joni. Akatha, adada ankabwera pa desiki panga nkhani atayisenda kale. Ine ndinkangolemba.

Chaka changa choyamba ndinalemba kalata yoitana mayi wina kuti adzasaine zoti tiike munda wachitsanzo pamalo amene ankalima. Mwamuna wake anali ku Joni. Kwathu munda umayendera kuchikazi, ndiye sindinaone vuto. Adada anailandira kalatayo, n'kuima chilili.

"Bwana, kuno mkazi ngolowoledwa. Munda ngwa apongozi ake. Ndikampatsa mayiyu, mawa amubweza kwawo, ati akugulitsa malo a eni."

Ndinawakalipira kuti ntchito yawo ndi kupereka makalata, osati kuwayeza. Anangoti yewo. Anakayambira kwa apongozi aja, chipewa chili m'manja, n'kupepesa m'malo mwa ofesi, ndipo munda tinaupeza. Sindinawathokoze.

Patapita zaka, mafoni atadzadza m'midzi, likulu linatumiza fomu yoti aliyense alembepo zimene amachita. Inali ya Chingerezi, ya mabokosi atatu. Pamwamba analemba responsibilities, pakati duties, pansi errands. Bwana wathu wamkulu, mayi wa ku Zomba wosakonda kuzungulira, anandiitana n'kutseka chitseko.

"Achimwene, likulu likuchepetsa anthu. Amene bokosi lapamwamba likhale lopanda kanthu, wapita. Fomu ya adada mulembe ndinu, poti Chingerezi n'chanu. Muwaone bwino."

Tinakhala pa desiki panga Lachitatu masana, mphepo yozizira ya mwezi wa Juni ikulowera pawindo losweka. Adada anaiyang'ana fomuyo, n'kufunsa kuti, "Kasi zonsezi si ntchito, bwana? Bwanji mabokosi atatu?"

Ha, funsolo linandikomera ngati andipatsa guwa. Ndinawafotokozera kuti ife timangoti ntchito, kulima ntchito, kusesa ntchito, kulera mwana ntchito, koma mzungu amasiyanitsa. Errand ndi kutumidwa: pita, kasiye, bwera. Duty ndi chimene unalembedwera, ufune usafune. Responsibility ndi udindo, chinthu chimene chikalakwika amadzagwira iwe pakhosi. Ndinawonjezanso task ndi chore, zimene sizinali n'komwe pa fomupo, kungoti pakamwa panali patatentha. Iwo ankangogwedeza mutu.

Tinayamba. Kusesa ndi makalata ndinaika pakati. Kukatenga katundu ku depoti, kukagula mayunitsi a magetsi, kukaitana makaniko, zonsezo pansi.

"Nanga kuyankhula ndi alimi?" anafunsa.

Ndinatsegula dilowa n'kutulutsa kalata yondilembera ntchito ine. Munali mzere wonena kuti kulumikizana ndi alimi ndi udindo wa kalaliki. Ndinawaonetsa ndi chala.

"Adada, zikalakwika kumudzi, likulu lidzafunsa ndani?"

"Inu, bwana."

"Basitu. Ndiye zili m'bokosi langa. Inu mumathandiza kumasulira mukatumidwa."

Ndinalemba choncho, m'bokosi lapansi. Iwo sankawerenga Chingerezi, koma pamwamba ndi pansi ankapadziwa, ndipo mphekesera za mafomuwo zinali zitawafika. Anasisita bondo, n'kutsitsa mawu.

"Ndapota, bwana, lembaniko kamodzi kokha pamwambapo. Mwana wanga anatchona ku Joni, wandisiyira adzukulu atatu. Ntchito iyi ndiyo ikuwadyetsa."

Yankho limene ndinapereka limandiwotchabe mpaka lero. Ndinati, "Adada, mukufuna ndiname pa fomu?"

Munthuyo anali mkulu wa mpingo. Anaweramitsa mutu ngati ndamugwira akuba. "Yayi, bwana. Kunama yayi."

Kwa nthawi yaitali ndinkadziuza kuti ndinachita chilungamo. Dikishonale inali kumbali yanga, kalata ya ntchito inali kumbali yanga. Koma lero ndakula, ndilibe womunamiza. Ndinkachita mantha. Ndikanachotsa mzere wa alimiwo m'bokosi langa lapamwamba, mukanatsala kusunga mafayilo basi, ndipo mafayilo anali atayamba kale kusamukira mu kompyuta. Ndinkadziwa kuti mzere umodzi sungasunge anthu awiri. Ndinasankha mwana wa mayi anga, kenako n'kuitana Chingerezi kuti chidzandichitire umboni.

Bwana wamkulu anaiwerenga fomuyo, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mwatsimikiza, achimwene?" Ndinati mawu aliwonse ali pamalo pake. Anapumira m'mwamba n'kusaina. Akanatha kuibweza, koma nayenso anali ndi fomu yake.

Yankho linabwera mvula yoyamba itangogwa. Makalata a ku likulu ankabwera pa basi, ndipo amene anakawatenga ku depoti anali adada omwe. Anagawa maenvulopu desiki ndi desiki, yawo n'kuisunga pomaliza. Atatha anabwera nayo kwa ine, n'kuipereka ndi manja awiri.

"Ndiwerengereni, bwana."

Ndinawerenga, n'kumasulira. Udindo wa mesenjala wathetsedwa pakutha pa mwezi, chifukwa ntchito zake n'zotumidwa, zimene foni ndi kabaza zingathe kugwira. Bungwe likuthokoza. Ndinafika nayo kumapeto. Ndinkadikira kuti anditukwane, ndipo ndikanamva bwino akanatero. Iwo anangopinda kalatayo kanayi n'kuiika m'thumba la shati.

"Mbwenu," anatero. "Simunaname."

Masiku otsalawo anasesa monga kale. Sabata yomaliza anandiuza kuti wamalonda wina wa pamsika, Msilamu wa sitolo ya zitsulo ndi malata, akufuna munthu wokhulupirika woyang'anira katundu, koma akufuna kalata ya kumene anachokera.

"Mundilembereko m'Chingerezi chanu chija. Musavutike, mungokopera za pa fomu paja."

Ndinakhala pa kompyuta nthawi ya nkhomaliro, anzanga atatuluka. Ndinati ndilembe mizere itatu, koma manja anakana kuima. Ndinalemba za munda wa mayi uja ndi apongozi ake. Ndinalemba momwe ankadziwira mudzi umene uli pa maliro, n'kutiletsa kuitanitsa msonkhano tisanachite manyazi. Ndinalemba za tsiku limene alimi anakwiya mbewu itachedwa, iwo n'kuima pakhomo okhaokha, n'kuyankhula nawo mpaka mkwiyo unazirala, ife tili bisale m'kati. Ndinalemba momwe ankasinthira mawu anga aukali pomasulira kuti afike kwa anthu ali ozizira, chinthu chimene ndinachizindikira kalekale koma sindinanenepo. Ndinalemba kuti kwa zaka zonsezo alimi a kumwera kwa Mzimba ankati akamanena za bungwe lathu, ankanena za munthu ameneyu. Anakwana masamba awiri.

Madzulo ake ndinawaitana. Ndinkafuna amve, ndisabise. Ndinkaganiza kuti mwina kalatayo ichepetsa mlandu wanga. Ndinawakhazika pampando wa alendo n'kuwawerengera yonse m'Chichewa, ndime ndi ndime.

Anamvetsera maso ali pansi. Nditamaliza sanatambasule dzanja kuti alandire. Kunja wakabaza ankaimba belu. Kenako anadzutsa mutu n'kundiyang'ana, ndipo m'maso mwawo munalibe mkwiyo. Munali kudabwa kwa munthu amene wangomva uthenga wa maliro.

"Kasi mumaziona zonsezi, bwana?" anafunsa motsitsa. "Ine ndinakukhululukirani poyesa kuti simumaona."