Nthabwala Imene Inagulula Dzino la Wometa

Wometa anali mnyamata wamtima wabwino, koma pakamwa pake panalibe chitseko. M'kanyumba kake kometera anthu ankaseka chilichonse chimene wanena, ndipo iye sankadziwa kuti munthu amene lumo lili pakhosi pake amaseka ngakhale nthabwala yozizira.

Tsiku lina masana mwini malo ena omwera mowa anamupatsa mpata wake woyamba woseketsa anthu, namuuza kuti akaseka adzamuitananso. Nthabwala zoyambirira sizinagwedeze munthu. Thukuta lili kamukamu, anaona mwamuna wa mlongo wake atakhala kutsogolo, ndipo anamuloza.

"Awa ndi alamu anga. Ukwati wachita kukalamba, koma mwana sitinamuone! Achemwali amapempha matewera kwa aneba kuti nawonso ayanikeko."

Palibe anaseka. Mlamuyo anaimirira pang'onopang'ono.

"Tabwerezani, alamu."

"Ndi nthabwala chabe, akulu..."

Botolo linamuphulikira Wometa pachipumi. Mpando unatsatira m'nthiti, kenako nsapato pakamwa, mpaka dzino linagwera pansi pa tebulo. Anthu anabwera kudzaleretsa mochedwa, ndipo kuchedwako kunali kwadala.

Kuchipatala mlongo wake anafika, nayamba kumupukuta magazi ouma kukhutu ndi kansalu konyowa.

"Achemwali, anthu aja sadziwa nthabwala," anatero Wometa movutika, milomo itatupa.

"Ndapita padera kawiri, iwe," mlongoyo anayankha motsitsa mawu. "Sitinauze munthu."

Anafinya kansaluko, nakayanika pachitsulo cha bedi. Wometa anamuitana akutuluka, koma iye sanacheuke.