Bwato la Mkamwini

Ndikukumbukira chaka chimene dambo la kwathu, kuseri kwa Mkanda, linadzaza mpaka kumiza madimba onse, abambo anga n'kuganiza zokhoma bwato. Ine ndinali kamtsikana kongoyamba kumene kusenza ndowa yodzaza. Kwathu kulibe nyanja. Madzi amene anthu a kwathu ankawadziwa anali a pachitsime ndi a dambo lomwelo, limene m'chilimwe tinkadyetsamo mbuzi. Choncho munthu wokhoma bwato pakati pa minda ya fodya ndi mtedza ankaoneka ngati mutu wake sukuyenda bwino.

Abambo anali mkamwini pamudzi pa amayi. Kwawo kunali kutsidya kwa malire, cha ku Chipata, koma anachokako ali mnyamata atakwera lole ya katundu ngati wothandiza dalaivala. Loleyo inakawataya ku Daresalamu, ndipo kumeneko anapeza ntchito yophika m'boti la mzungu wina, loyenda ndi mphepo, limene linkangoyendayenda m'mphepete mwa nyanja yamchere popanda kwenikweni kumene likupita. Anakhalamo zaka zingapo. Atabwerera anakumana ndi amayi pamsika, anakwatira, n'kupatsidwa khasu.

Khasulo ndiye linawakana. Mizere yawo inkakhota ngati njira ya munthu wochokera kumowa, ndipo fodya wawo sankapita patali ku okushoni. Chimene ankatha chinali nkhani. Ankatiuza za tsiku limene nangula anazuka iwo ali pakati pa kudya, boti lawo n'kukagunda la eni ake. Ankatiuza za mphika wa nyemba umene unagudubuzika mafunde atakula, mzungu uja n'kuterereka pa nyembazo mpaka kukagwera pa mkazi wake. Panalinso ya nthawi imene mphepo inaleka kwa masiku ambiri, madzi akumwa n'kuwathera ali pakati pa madzi osamweka. Koma imene inkaseketsa anthu kwambiri inali yakuti nyanja ya kumeneko imachoka yokha, n'kusiya boti litagona cham'mbali pamchenga, kenako n'kubwereranso popanda woiitana. Akafika pamenepa, amalume anga a Lemekani, amene anali mwini mbumba, ankangopukusa mutu. "Alamu, bodza linalo muzisungako la mawa." Dzina lakuti a Kaputeni linachokera pamenepo, ndipo silinali laulemu.

Ine ndinkakhulupirira zonse. Ndinkadziwanso, monga mmene ana amadziwira zinthu zimene sanauzidwe, kuti kukhala kwa abambo pamudzipo kunali kolendewera. Akuluakulu amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, ndipo amalume anali atanena kale pamaso pa amayi kuti munthu wosadzaza nkhokwe alibe chimene akukhalira pamudzi pa eni. Mantha anga onse a ubwana anali amenewo, akuti tsiku lina abambo adzauzidwa kuti azipita.

Bwatolo linali yankho lawo. Dambo likadzaza, aliyense wofuna kupita kutsidya, kaya kuchigayo kaya kuchipatala, ankazungulira ulendo wa tsiku lonse kuti akapeze mlatho. Abambo anaona kuti apa ndi pamene mudzi ungawafune. Anapeza matabwa a bulugama, anapempha phula kwa anthu okonza msewu, n'kumalisungunula m'chitini kuseri kwa chigafa cha fodya. Fungo lake linkalowa mpaka m'ndiwo, amayi n'kumadandaula. Mlongoti unali nsungwi yaikulu. Thanga, nsalu ija yogwira mphepo, tinasoka awiri, ine ndi iwo, kuchokera ku matumba a feteleza, ndi chisingano chosokera mabelo. M'munsi mwa thangalo anamangamo mtengo wopingasa, umene unkaponyedwa uku ndi uko mphepo ikasintha. Anandiphunzitsa lamulo limodzi lokha, lakuti akafuula kuti "Mutu!" ndiziwerama osafunsa.

Ndipo bwatolo linayenda. Ichi ndimafuna anthu azichidziwa, chifukwa amene amakamba nkhaniyi kwathu amayambira pa kugubuduka. Linayenda bwino lomwe. Linawolotsa matumba a chimanga opita kuchigayo, mphunzitsi pamodzi ndi njinga yake, ngakhalenso mbuzi ziwiri zimene zinalira njira yonse. Ine ndinkakhala pakati, mapazi ali m'madzi ozizira olowera m'mipata ya matabwa, ndikukapa ndi chikho, matumba a feteleza akuphupha pamwamba pathu, bango likukanda m'mbali. Anthu amene ankaseka aja anayamba kuima m'mphepete n'kumakodola. Masabata amenewo abambo ankayenda mowongoka, ndipo ine ndinkadya n'kukhuta.

Kenako kunabwera uthenga wa maliro. Kutsidya kunamwalira mlongo wawo wa agogo anga a Naphiri, amayi awo a amayi, ndipo kuika kunali tsiku lomwelo. Amalume anali atanyamuka kale pa njinga kudzera kumlatho. Agogo miyendo inali yotupa, sakanatha kuzungulira wapansi, koma mlongo wako sungamumve ndi makutu okha kuti amuika. Panalibe njira ina koma bwato.

Achinyamata a lero sangaone pamene panali vuto. Masiku amenewo mkamwini ndi apongozi ake aakazi sankayang'anana, sankalankhulana, sankadyera pamodzi. Akakumana panjira, mmodzi ankapatukira kutchire mpaka mnzake atadutsa. Ine ndinakula osamvapo abambo akulankhula ndi agogo mawu ndi amodzi omwe. Zonse zinkadzera mwa amayi kapena mwa ine. Sichinali chidani ayi, unali ulemu, ndipo abambo, amene ankalephera zambiri za pamudzi, pa ichi sankalakwitsa. Amayi anali oyembekezera, mwezi wawo utayandikira, choncho anatuma ine kuti ndikakhale pakati, ndikhale pakamwa pa onse awiri.

Agogo anakwera chafutambuyo, atafunda chitenje kumutu, n'kukhala m'mphepete mwa bwato atayang'ana kumadzi kuti maso awo asakumane ndi a mkamwini. Abambo anakhala kumbuyo atagwira chiwongolero, nkhope atatembenuzira mbali inayo. M'bwato lonselo munthu woyang'ana kumene tikupita ndinali ine ndekha. Kukanakhala kuti si ulendo wa kumaliro, ndikanaseka.

Pakati pa dambo tinadutsa bwinobwino. Nyimbo za pamaliro zinayamba kumveka, ndipo tinkaona anthu ambirimbiri atakhala pansi pa mitengo ya mango, pafupi ndi pamene madzi analekezera. Kenako cha kumapiri kunada. Mphepo yotsogolera mvula inabwera mwadzidzidzi kuchokera mbali ina, bango lonse n'kugona. Ndinaona abambo akutsegula pakamwa. Mawu aja akuti "Mutu!" anali pamilomo, ndinawaona ndi maso angawa. Koma mkamwini angafuulire bwanji apongozi ake ngati akukusa ng'ombe? Anawameza. M'malo mwake anati, ndi mawu otsika, "Edina, kauze agogo ako kuti ngati n'kotheka aweramitseko mutu."

Uthengawo sindinafike nawo ndi pakati pomwe. Mtengo wopingasa uja unabwera ndi mphamvu n'kuwamenya agogo kumsana, iwo n'kugwera m'madzi chafufumimba. Bwato linapendekeka, linamwa madzi, n'kugubuduka. Ine ndinakakamira nsungwi ya mlongoti, madzi ofiira onunkha matope akundilowa m'kamwa ndi m'mphuno. Agogo sankadziwa kusambira, ndipo palibe mkazi wa kwathu amene ankadziwa. Ndinaona dzanja lawo, kenako chitenje chokha chikuyandama, chikupita ndi madzi.

Abambo anamira. Anatuluka opanda kanthu, n'kumiranso. Atatuluka kachiwiri anali atawakolekera agogo mkono pachifuwa, mutu wa agogo uli paphewa pawo, ndipo anasambira nawo chagada mpaka pamene mapazi anagunda mizere ya dimba la munthu pansi pa madzi. Pamenepo anawanyamula m'manja ngati mwana. Nsalu zonse za agogo zinali zitapita, kungotsala mikanda ya m'chiuno, imene munthu wamwamuna anaionapo anali agogo aamuna okha. Abambo anatuluka nawo choncho m'madzi, pamaso pa anthu onse a pamaliro, ndipo nyimbo inaleka. Amayi ena anathamanga ndi zitenje. Abambo anawatsitsa pa udzu, n'kubwerera kudzanditenga ine.

Ine ndinkaganiza kuti anthu awayamika abambo. Kwa mwana nkhaniyo inali yapafupi, munthu wavuula munthu. Pobwerera, tikuzungulira wapansi kudzera kumlatho mvula ikutinyowetsa, ndinawafunsa abambo ngati tsopano amalume asiya kuwaseka. Anangondipukuta kumaso ndi malaya awo, amene nawonso anali onyowa.

Agogo atabwerako kumaliro analowa m'nyumba mwawo osatulukanso. Chakudya chinkabwerera chosakhudzidwa. Kwa amayi anangonena kuti, "Ndituluke ndiyang'ane kuti? Bola akanandisiya m'madzi momwemo." Abambo anatumiza nkhuku yopepesera, koma inabwezedwa. Anapita kwawo kukapempha mbuzi, inabwezedwanso. Azimayi kuchitsime akamva mapazi athu ankakhala chete, ndipo anyamata a tsidya lija anapeka kanyimbo kamene sindidzakaimba mpaka kumanda. Pamene masiku ankapita, agogo ankaonda, ndipo maso a mudzi wonse ankabwera pakhomo pathu.

Amalume anafika m'mawa wina ine ndikusesa pabwalo. Sanakalipe. Akanakalipa mwina kukanakhala poyankhira. Anakhala pampando, anavula chipewa, n'kunena kuti, "Alamu, mayi athu ali moyo chifukwa cha inu. Zikomo kwambiri. Koma mukuona nokha, sakudya. Mudzi uno ndi wawo. Awiri inu simungamwerenso chitsime chimodzi."

Abambo anaomba m'manja pang'onopang'ono, monga amachitira munthu polandira chinthu kwa wamkulu. "Ndamva, alamu."

Anapempha amayi kuti apitire limodzi. Amayi analira tsiku lonse, koma anali ndi mimba, munda unali wawo, ndipo wodwalayo anali mayi wawo wowabereka. Za ine panalibe chokambirana, chifukwa kwathu ana ndi a kuchikazi. Abambo ndinawaperekeza mpaka kumsewu nditawanyamulira kathumba ka zovala, kamene kanali kopepuka moti ndinkangokagwira ndi dzanja limodzi. Anandiuza kuti akakapeza pokhala adzatumiza uthenga kudzera kwa madalaivala a paboda. Ndiyeno ndinawafunsa funso limene linkandisowetsa mtendere, lakuti bwanji sanafuule monga ankachitira ndi ine. "Ndinali ndisanawalankhulepo chikwatirire, mayi," anatero. "Sindinafune kuyambira pa kuwakalipira."

Nditabwerera kumudzi ndinapeza agogo atakhala pakhonde, akumwa phala.

Mlongo wanga anabadwa mwezi wotsatira, ndipo nkhope ya abambo ake saidziwa. Uthenga uja sunabwere. Nditasinkhuka ndinkapita kuboda kukafunsa madalaivala a malole amene amaima pamzere kudikira kuwoloka. Ena ankati munthu wotero anamuona ku Nacala, ena ku Daresalamu, ena ankangofuna kuti ndizichezabe nawo. Bwato linawolera m'bango momwemo, ndipo matabwa amene anatsala bwino anthu anakakhomera makola a nkhumba. Sindikudziwa kumene kuli manda a abambo anga. Zimandipweteka mpaka lero, ndipo sindingamname kuti mtima unapola. Choipa kwambiri n'chakuti ndikafuna woti ndimukwiyire sindimupeza. Manyazi a agogo anali enieni, anapita nawo kumanda osamutchulanso mkamwini wawo. Amalume anasankha mayi wawo, monga aliyense akanachitira. Abambo analemekeza monga anaphunzitsidwa, kenako anapulumutsa munthu. Aliyense anachita zoyenera, ine n'kukula wopanda bambo.

Lero pa dambo paja pali mlatho wa simenti, ndipo madzi sadzazanso ngati kale. Inenso tsopano ndine apongozi. Mwana wanga wamkazi anakwatiwa ndi mnyamata woyendetsa kabaza wa njinga yamoto, wakhalidwe labwino ndithu. Amanditchula kuti mami, amakhala nane pamphasa imodzi, amandiseka ndikalephera kuyankha foni. Mwezi watha msana unandivuta, ndiye anabwera kudzanditenga kupita nane kuchipatala. Anandikweza yekha atandigwira m'khwapa, n'kunena kuti, "Mundigwire m'chiuno zolimba, mami, msewu waipa."

Ndinamugwira. Tinadutsa pakati pa Mkanda tsiku la msika, anthu atadzaza msewu wonse, apongozi atakumbatira mkamwini wawo dzuwa likuswa mtengo. Ndinkayang'ana nkhope imodziimodzi, kudikira kuti wina aseke kapena agwire pakamwa. Ogulitsa tomato ankaitana ogula, anyamata a kaunjika ankakuwa mitengo yawo, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anatembenuka. Ndinalira njira yonse, iye n'kumachepetsa liwiro poganiza kuti ndi msana.