Kamtsamiro ka Gitala ya Amalume

Kamtengoko kanali kochepa ngati chala, ndipo amene anakasuntha ndine. Ndinali giredi 9 chaka chimenecho. Amalume ankakatcha kamtsamiro, chifukwa mawaya onse a gitala yawo ankatsamira pamenepo. Sikanali komata ayi, kankangopanikizidwa ndi mawayawo.

Anandiyamba ndi iwo. Tsiku lina ndinawauza kuti waya wachitatu watsika, iwo n'kundiyankha pamaso pa kwaya yonse kuti makutu anga ndi a mvuu, ntchito yake kugwedeza basi. Ndiye masana ena, atapita kukaona maukonde ku Zambezi, ndinakankhira kamtsamiro kaja chakukhosi kwa gitala pang'ono chabe, n'kuchunanso mawaya onse bwinobwino.

Kukoma kwake kunali apa: ukaliza waya osadina, zonse zili m'malo mwake. Ukangodina chala pakhosi, mawu akwera mopitirira, ndipo ukamasendera kumimba ya gitala ndiye zimanyanya. Loweruka poyeserera nyimbo za Pasaka, azimayi a kwaya anayamba kuyang'anana. Amalume anachuna, nachunanso, thukuta lili kamukamu. Anatuma munthu ku Zumbo kukagula mawaya atsopano. Palibe chinasintha. Ine kumbuyoko ndikuluma kolala ya shati.

Sabata yachitatu, aphunzitsi otsogolera kwaya ananena kuti pa Pasaka tiimba ndi ng'oma zokha. Amalume anakoleka gitala pamsomali. Zinapsa kuposa mmene ndinafunira, komabe pakamwa panga panali potseka. Aphunzitsi omwewo ndiwo anabwera ndi rula, nayeza kuchokera kumutu kwa gitala mpaka pa kachitsulo ka nambala 12 ka pakhosi, kenako kuchokera apo mpaka pa kamtsamiro. Mbali ziwirizo zimayenera kufanana. Ina inaperewera. Onse anatembenukira kwa ine, poti ndinaseka ndisanafunsidwe.

"Ndiwe, mphwanga?" anafunsa amalume.

"Ndine. Inachuna ndi mvuu, inu osazindikira."

Amayi anandigamula sabata yathunthu kumunda, kupirikitsa anyani ndi chigubu. Ndinkaotcha chimanga chachiwisi tsiku lililonse mpaka kubwerako nditanenepa. Kupepesa sindinapepese, ndipo mpaka lero ndimati mlandu tinagawana pakati.

Chimene chinandizunguza n'choti amalume sanandikwapule. Anangokhala pamphasa atagwira makutu awo, akupuma ngati munthu wovuuka m'madzi. Sindinkadziwa kuti masabata atatu onsewo ankaganiza kuti ayamba kugontha, monga anachitira atate awo.